Ndibwezereni 1,895,000 yanga, galimoto imene mwandionetsa si imene ndinalipira

Kwa inu ogulitsa magalimoto, eni tsamba lino. Ndalemba poyera chifukwa ku inbox kwanu ndatopa nako. Mauthenga mumawerenga, ndimaona ndithu kuti mwawerenga, koma yankho ndi lomwe lija: "tikuyimbirani bwana." Bwana amene mukumuyimbirayo kaya ndi uti, chifukwa yanga foni sinalirepo.

Cha kumayambiriro kwa mwezi watha ndinakupatsani dipoziti ya 1,850,000 pa pikapu ya double cab, ija ya mizere iwiri ya mipando ndi zitseko zinayi zenizeni. Munawonjezeranso 45,000 imene munati ndi yoyendera galimoto ndi kukonza mapepala. Zonse pamodzi 1,895,000, ndipo malisiti onse awiri ali ndi chidindo chanu. Mnyamata wanu wogulitsa ndinamufotokozera bwinobwino chifukwa chake ndikufuna double cab. Ndili ndi ana awiri, wamng'onoyo akadali wokhala pa mpando wa ana womangirira m'galimoto, komanso ndine ndimatenga amayi anga kupita nawo kuchipatala, ndipo mawondo awo ndi ovuta. Iye anayankha pa WhatsApp kuti, "Musadandaule bwana, double cab yeniyeni, banja lonse likwana." Mawu amenewo sindinafufute.

Mutandiitana kuti galimoto yafika, ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinabwereka galimoto ya mnzanga, ndinathira mafuta, n'kuwatenganso amayi kuti akayese okha kukwera tisanamalize kulipira. Ulendo wake si wapafupi. Munthu wamkulu anadzuka kusanache, n'kupirira msewu wonsewo, kuti akanyozedwe ndi mwana wa msinkhu wa mdzukulu wawo.

Tinapeza chiyani? Extended cab. Anzanga amene mukuwerenga, mwina ena simunaionetsetse galimoto yotereyi, ndiye mundilole ndifotokoze. Ukaiyang'ana chapatali imaoneka ngati ya zitseko ziwiri yokhala ndi kawindo kena kumbuyo. Ukayandikira m'pamene umaona kamzere kosonyeza kuti palinso kachitseko kena. Kachitsekoko kunja kalibe chogwirira. Ndinakazungulira, ndinapapasa, palibe. Chotsegulira chake chinabisika m'mphepete, pamene chitseko chakutsogolo chimaphimba chikatsekedwa, ndiye kuti sungakatsegule usanatsegule chakutsogolo. Mahinjesi ake ali kumbuyo, choncho kamatsegukira chakumbuyo, kutsutsana ndi chinzake. Pakati palibe nsanamira ija imene pa galimoto wamba imagwira zitseko. Kachitseko kameneka kamakola m'mwamba kudenga ndi m'munsi, kenako chakutsogolo chimadzakola pa iko.

Ndinamuuza mnyamatayo mwaulemu kuti achimwene, iyi si double cab. Anthuni, imvani yankho lake. Anaika manja m'thumba, n'kuyamba kuloza zitseko ndi mlomo: "Bambo, kuwerenga munaphunzira? Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Vuto lili pati?" Anzake awiri amene anatsamira galimoto ina anaphulika nako kuseka.

Ndinaugwira mtima. Ndinati chabwino, tiyeni tiyese, mwina maso akundinamiza. Tinakankhira mpando wakutsogolo mpaka pothera kuti amayi alowe. Galimotoyi ndi yaitali kuchoka pansi, ndipo poti palibe nsanamira, panalibenso pogwira pamene dzanja lawo likanafika. Anagwira lamba, lamba n'kutambasuka. Anagwira phewa langa, ndinachita kuwanyamula. Atalowa anakhala pa kampando kopyapyala, kotsika pafupi ndi pansi, kotsamira kake kali njo, kogundana ndi khoma lakumbuyo. Nditabwezera mpando wakutsogolo pamalo oti munthu n'kukhalapo, mawondo awo anakanikizika pamsana pa mpandowo. Anayesa kukhala chammbali, sizinathandize. Sanadandaule, paja makolo athu sakonda kuvutitsa, anangondiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Mwanangu, nditulutse." Kuti ndiwatulutse ndinayenera kuyamba ndatsegula chakutsogolo, kukankhanso mpando, kenako kachitseko kaja. Iwo paokha analibe njira yotulukira.

Apa m'pamene mnyamata wanu analankhula mawu amene andilembetsa zonsezi. Anati, "Ngati agogowa sakukwana, kubodi kumbuyoko malo ndi ambiri, kulinso kamphepo kabwino." Amayi anga. Munthu wopita kuchipatala. Akakwere kubodi ngati katundu. Zikomo kwambiri chifukwa cha malangizo aukatswiriwo, zikuoneka kuti antchito anu mumawaphunzitsa bwino zedi.

Ndikudziwa kuti ena mubwera m'makomenti kudzati galimoto ndi galimoto, bola ikuyenda. Ayi abale. Pikapu imagulidwa poyang'ana amene azikwera ndi zimene izinyamula tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani yonseyo imagona pa mokhala anthu ndi pa zitseko. Single cab ili ndi mzere umodzi wa mipando, zitseko ziwiri, bodi yaitali. Double cab ili ndi mizere iwiri ya mipando yeniyeni, zitseko zinayi zotsegukira kutsogolo, chilichonse ndi chogwirira chake kunja, ndipo wokhala kumbuyo amatuluka nthawi imene wafuna. Extended cab ili pakatikati. Dodge itayamba kupanga Club Cab mu 1973, Ford n'kutsatira ndi SuperCab mu 1974, zinali za zitseko ziwiri basi, ndipo malo akumbuyowo anali oikamo katundu woopa mvula ndi akuba, timipando tikakhalapo tinali tongothandizira. Tizitseko takumbuyoti tinadzabwera m'zaka za m'ma 1990 pofuna kuti munthu asamavutike kupinda mpando pofikira kumbuyo. Mpaka lero opanga amaipatsa dzina lakelake kuti wogula asasokoneze: Nissan amati King Cab, Mitsubishi amati Club Cab, Isuzu amati Space Cab, Mazda amati Freestyle Cab. Ine wogula wamba ndikuzidziwa zimenezi. Inu amene mumadya za magalimoto mungandiuze kuti simukuzidziwa?

Ndipo musandimve molakwa, galimotoyo payokha si yoipa. Mmisiri wa mapaipi kapena wa magetsi amene amayenda yekha ndi mabokosi a zipangizo angaikonde kwambiri. Ukatsegula zitseko zonse ziwiri mbali imodzi, poti palibe nsanamira, pamakhala mpata waukulu woti bokosi lalikulu limalowa osapendeketsa, n'kulikiyira m'kati. Bodi yakenso ndi yotalikirapo. Pa mapikapu a kukula kwapakatikati, bodi ya single cab imakhala pafupifupi mamita 2.3, ya extended cab pafupifupi 1.8, ya double cab pafupifupi 1.5. Mnyamata wanu anakumbukira mfundo imeneyi mochedwa, n'kuyamba kundiuza kuti ndapindula masentimita 30 a bodi, ndiyenera kuthokoza. Masentimita 30 amenewo ndimangirirepo mpando wa mwana?

Mpando wa mwanawo ndinali nawo m'galimoto imene tinabwerekayo, ndipo ndinauyesa pamaso pake. Mpando wa khanda umayang'ana kumbuyo, ndiye umafuna malo aakulu pakati pa mpando wakumbuyo ndi wakutsogolo. Pa kampando kaja theka lake linali lendelende m'malere. Kuti ulowe, wakutsogolo ukanayenera kukankhidwa mpaka munthu wokhalapo mawondo agunde dashibodi. Tizitsulo tija ta ISOFIX tokolekapo mipando ya ana ndinatifufuza ndi zala m'mphako ya mpando, sindinatipeze. Mnyamata wanu anafunsa kuti ISOFIX n'chiyani.

Tangoganizani moyo wa tsiku lililonse ndi zitseko zimenezi. M'mawa pa geti ya sukulu, magalimoto ali mndandanda kumbuyo akuliza mahutala, mwana wamkuluyo sangangotsegula n'kutsika. Pa galimoto imene munandionetsayo lamba wa wokhala kutsogolo anamangiriridwa pa kachitseko kakumbuyo komweko, ndiye kuti mayi ake ayambe amasula lamba, atsegule chitseko chawo, kenako kachitseko, mwana atsike, atseke kakumbuyo kaye, kenako chakutsogolo, amangenso lamba. Ukasokoneza ndondomeko n'kuyamba kutseka chakutsogolo, sichikola, ndipo kakumbuyoko kamadzamenya pamwamba pake n'kukanda penti. Mwana wa sukulu wothamangira belu azikumbukira zimenezo m'mawa uliwonse?

Nanga poimika magalimoto pa sitolo, pamene galimoto ina yaima pafupi? Umatsegula chakutsogolo, chimatseka njira ya kutsogolo. Umatsegula kakumbuyo, kamatseka njira ya kumbuyo. Mbali yachitatu kuli galimoto ya mwini wake. Iwe watsekeredwa pakati ngati mbuzi m'khola, katundu amene umafuna kulowetsa watsala kunja kwa zitseko. Umayenera kulowa kaye m'kampatako ndi katundu yense m'manja, kukokera chitseko chimodzi, kutsegula chinacho, kuvina ndithu. Tsopano chita zimenezo utanyamula khanda, mvula ikugwa.

Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti wokhala kumbuyo moyo wake uli m'manja mwa chitseko chakutsogolo. Mulungu aletse, koma patachitika ngozi chitseko chakutsogolo n'kuphwanyika osatseguka, kapena woyendetsa n'kukomoka, mwana ndi gogo ali kumbuyo atulukira pati? Kawindo kake n'kakang'ono, kongotsegukira pambali pang'ono kuti mphepo ilowe. Munthu amene wasankha galimoto yotereyi akudziwa, ndi ufulu wake. Ine sindinaisankhe. Munandisankhira inu, mutalandira kale ndalama.

Chinanso chimene anthu ayenera kudziwa: extended cab imakhala yotsikirapo mtengo poyerekeza ndi double cab ya mtundu womwewo ndi chaka chomwecho. Inu mtengo munausiya pomwe paja. Ndiye mundiuze, kusiyana kwakeko kumapita m'thumba la ndani?

Nditapempha kuonana ndi a manejala, anandiuza kuti ali pamsonkhano. Tinadikira pabenchi, amayi akusisita mawondo, dzuwa mpaka kupendeka. Msonkhano wake unali wautali zedi, moti a manejalawo anatulukira khomo lakumbuyo n'kukwera galimoto yawo ife tikuona. Galimoto yawoyo ndi double cab. Zitseko zinayi zenizeni, chilichonse ndi chogwirira chake. Iwowo kusiyana kwake akukudziwa bwino ndithu. Mayi wa pakauntala, amene yekha ndiye anatipatsa madzi akumwa ndipo ndikumuthokoza, anandinong'oneza kuti dipoziti sibwezedwa, ndi lamulo la kampani. Lamulo limenelo limagwira munthu amene wasintha maganizo. Ine maganizo sindinasinthe, ndikufunabe double cab lero lino. Amene anasintha katundu ndinu.

Patapita masiku wina wa inu anandiyimbira, osati kudzapepesa, koma kudzandiuza kuti double cab ilipo ina ikubwera, ndingowonjezera ndalama. Ndiwonjezere! Pa ndalama zimene mwakhalira kale, nditatayanso mafuta, tsiku la ntchito ndi ulemu wa amayi anga. Za mafuta ndi tsikulo sindikukulipiritsani, zimenezo ndazisiya m'manja mwa Mulungu. Koma 1,895,000 si yanu.

Anzanga amene munagulapo kwa anthu amenewa, kapena amene anakuchitani zofanana ndi izi, lembani m'munsimu, chifukwa sindikukhulupirira kuti ndine woyamba. Ndipo amene mukufuna kugula pikapu musanaione ndi maso, uzani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha m'mbali zitseko zonse zili zotsegula, komanso cha mpando wakumbuyo munthu wamkulu atakhalapo. Muyang'ane ngati chitseko chakumbuyo chili ndi chogwirira kunja ndiponso ngati pakati pali nsanamira. Palisiti alembe mtundu wa cab ndi dzina lake, asangolemba nambala ya zitseko.

Tsopano kwa inu eni kampani. Ndikufuna zinthu ziwiri. Ndalama zanga zonse, 1,895,000, zibwerere mu akaunti imene zinachokera lisanathe Lachisanu likubwerali. Musachotsepo 45,000 ija ponena kuti munayendera galimoto, chifukwa munayendera galimoto imene sindinaitanitse. Chachiwiri, mnyamata uja awayimbire amayi anga awapepese ndi pakamwa pake. Osati ine, iwowo.

Likadutsa Lachisanu, Lolemba m'mawa ndili ku bungwe loteteza ogula ndi malisiti, mauthenga onse a pa WhatsApp ndi zithunzi zimene ndinajambula tsiku lija, kuphatikizapo cha amayi atapanikizika pa kampando kanu. Loya ndalankhula naye kale, ndipo tikafika kukhoti za mafuta ndi tsiku la ntchito zija ndidzazitenganso m'manja mwa Mulungu n'kuziika pa bilu yanu. Mauthengawo ndidzawaikanso m'magulu onse a pa Facebook a ogula ndi kugulitsa magalimoto amene ndilimo, anthu adziwerengere okha. Mukafufuta zimene ndalembazi, ndazisunga, ndiziikanso pa tsamba langa. Ndipo musandiyankhe kuti "bwerani ku inbox bwana." Muyankhe pompano, pamene aliyense akuona.