Madzi a ku Kasungu alibe kolowera

A Mkonzi,

Nkhani ya kusefukira kwa madzi ikatchulidwa, anthu amaganiza za ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kapena za ku Chilobwe komwe Namondwe Freddy adakokolola nyumba mu 2023. Kuno ku Kasungu madzi sabwera ndi mkokomo ayi. Dera lathu ndi lachidikha, choncho mvula ikagwa usiku wonse madzi amangoima pabwalo, osadziwa kolowera.

Madzi oima ndi oipa mwakachetechete. Amanyowetsa maziko a nyumba ya zidina mpaka khoma kudzagwa pakati pa usiku, mvula itakata kale. Chimbudzi chokumba chimadzaza n'kutitimira, zonyansa zake n'kulowa m'chitsime chomwe ana akutungamo. Kolera wa 2022 ndi 2023 sitidamuiwale. Za udzudzu ndiye sindinena.

Makolo athu ankadziwa kuti dambo ndi njira ya madzi. Ankadyetsamo ng'ombe, kulima dimba m'chilimwe, basi. Madambo ndiwo amasunga madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kupita mu Bua, Rusa ndi Dwangwa. Lero dambo laduliridwa mapuloti. Wogula amabwera mu Okutobala nthaka ili gwa, amalipira akumwetulira, mu Febuluwale n'kumalowa m'nyumba atakwinya thalauza. Mnzake wamanga mpanda wa njerwa podutsa madzi, ndiye onse amakhamukira kwa woyandikana naye. Oumba njerwa nawo asiya maenje ponseponse.

Ngalande zilipo, inde, koma kazisuzumireni: mchenga, majumbo, mabotolo, matewera a ana. Mapulasitiki opyapyala adaletsedwa mu 2015, koma ndi omwe atseka makalavati athu. Ngalande zina zimangothera pakhomo pa munthu, chifukwa wokumbayo sadayeze komwe kwatsetsereka. Pamalo athyathyathya ngati athu, kuphonya pang'ono pokha madzi amabwerera.

Pempho langa kwa oyang'anira tauni ndi mafumu athu ndi loti ntchito yofukula ngalande izichitika mu Seputembala ndi Okutobala, osati kudikira kudzagawa mapepala apulasitiki ndi ufa nyumba zitagwa kale. Ndipo aliyense wosainira puloti m'dambo aziyamba wakaimapo yekha m'mwezi wa Febuluwale.

Wokhudzidwa,
Kasungu