Kukayikira akazitape n'koyenera, koma kusamasankhe nkhope

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya a Donald Trump ndi mabungwe a ukazitape a dziko la America. Ambiri amaiweruza mwachangu, ena kuwayamikira, ena kuwanyoza, osayang'ana bwino chimene chinalakwika.

Mu Ogasiti 2016, a Trump ali pa kampeni, anafunsidwa pa kanema ya Fox News ngati amakhulupirira zimene akazitape a dziko lawo amanena. Anayankha kuti sawakhulupirira kwenikweni. Apa n'kuti atatsala pang'ono kupita ku ofesi ya FBI, bungwe lofufuza milandu la boma la America, ku New York kukauzidwa zinsinsi za boma koyamba. Mwambo wouza opikisana pa upulezidenti zinsinsi unayambitsidwa ndi a Harry Truman mu 1952. Iwowo anakhala pulezidenti mu 1945 asakudziwa bwino za bomba la atomu limene dziko lawo linkapanga, ndipo sanafune kuti wowalowa m'malo adzayambe ntchito ali mumdima chonchi.

Ine sindidabwa kuti munthu akayikire mabungwe amenewa. Pa 5 Febuluwale 2003 a Colin Powell, amene anali nduna ya zakunja ya America, anaimirira pamaso pa United Nations n'kunenetsa kuti Iraq ili ndi zida zopha anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Nkhondo inabuka, anthu anatha, zida zija sizinapezeke. Ndipo ife a ku Africa sitinaiwale kuti komiti ya a Frank Church ku Senate, nyumba ya malamulo ya America, inapeza mu 1975 kuti bungwe la ukazitape la CIA linakonza chiwembu chopha a Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya Congo, ndi poizoni. Wakuti mabungwewa ndi angelo akunama.

Koma nkhani ya Iraq yomweyo ndi imene imandisiyanitsa ndi a Trump. M'kati mwa boma munali akatswiri amene anakana. Nthambi ya zofufuza ya unduna wa zakunja inati umboni woti Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq pa nthawiyo, akuyambiranso kupanga zida za nyukiliya ndi wosakwanira. Akatswiri a unduna wa zamphamvu anati mapaipi a aluminiyamu amene ankanenedwa kuti Iraq ikugulira zida za nyukiliya sanali oyenera ntchito imeneyo. Mawu awo analembedwa, koma akuluakulu andale anali atatsimikiza kale za nkhondo, choncho anatola zokhazo zowakomera. Vuto silinali kukhulupirira akazitape mopitirira. Linali kumva ndi khutu limodzi.

Ndi matenda omwewa amene ndinawaona mwa a Trump. Mu Okutobala 2016 boma la America linalengeza kuti Russia ndi imene inaba mauthenga a pa kompyuta a chipani cha Democratic. A Trump sanafunse kuti umboni wake uli pati kapena ndani akutsutsa. Anangokankhira kumbali, pakuti nkhaniyo inkadetsa kampeni yawo. Mu Julaye 2018, atakhala kale pulezidenti, anaimirira pambali pa a Vladimir Putin ku Helsinki n'kuonetsa kuti kukana kwa a Putin akukulemekeza kuposa lipoti la antchito awo. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale kutsinako kuwawe.

Choopsa n'chakuti wantchito amaphunzira bwana wake. Kazitape akaona kuti uthenga wowawa umabweretsa chipongwe pagulu, mawa adzaufewetsa, mkuja adzaubisa. Pa 6 Ogasiti 2001 a George W. Bush, pulezidenti wa nthawiyo, analandira lipoti lochenjeza kuti Osama bin Laden akufuna kuukira m'kati mwa America. Machenjezo otere amalembedwa ndi anthu amene saopa kukhumudwitsa wowerengayo.

Wofuna upulezidenti azikayika ndithu. Azifunsa kuti nkhaniyi mwaitenga kuti, mwatsimikiza bwanji, ndani pakati panu sakugwirizana nayo. Koma mafunso amenewa awafunse pa lipoti lomukomera monga momwe angafunsire pa lipoti lomupweteka. Pa nkhani ya Russia, a Trump sanatero.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu