Kaputeni wathu wayamba kuchedwa: ndimusiye pa benchi kapena ndisinthe kaimidwe ka timu yonse?

Okondedwa Alangizi,

Ndine bambo wa zaka 41 ndipo kwa zaka zisanu ndi chimodzi tsopano ndakhala ndikuphunzitsa timu ya mpira wamiyendo yomwe imasewera mu ligi yaing'ono. Ine sindilandira malipiro, osewera anganso salandira, koma tonsefe ntchitoyi timaigwira ndi mtima wonse. Ndakulemberani chifukwa Loweruka la sabata yamawa tili ndi masewero omaliza a chaka chino, omwe agamule ngati tikhalebe mu ligi kapena titsike, ndipo mpaka lero ndikulephera kumanga mfundo pa osewera 11 oti adzayambe komanso kaimidwe kawo m'bwalo, kamene anyamata amangokatchula kuti fomeshoni. Kufanana mphamvu kutikwanira kuti tipulumuke, koma tikagonja ndiye kuti tatsika.

Chiyambire ntchitoyi ndakhala ndikugwiritsa ntchito 4-4-2: otchinga kumbuyo anayi, osewera pakati anayi ndi omwetsa zigoli awiri. Ndimaikonda chifukwa ndi yosavuta kuimvetsa kwa anthu amene amakumana kawiri kokha pa sabata. Wosewera aliyense amakhala ndi mnzake woyandikana naye amene amadalirana, ndipo tikataya mpira aliyense amadziwa pobwerera popanda kudikira kuti ndimukuwire. Vuto ndi lakuti timu yomwe tikukumana nayo imasewera 4-3-3, ndipo m'chigawo choyamba cha ligi idatigonjetsa 3-1. Ili ndi anyamata awiri aliwiro kwambiri m'mapiko, ndipo zigoli ziwiri mwa zitatuzo zidabwera mofanana: mpira wautali woponyedwa kuseri kwa otchinga athu, wosewera wawo n'kuthamangira pampata wapakati pa kaputeni wathu ndi wotchinga wakumanzere, kaputeni n'kutsala akutembenuka.

Nkhani yonse yagona pa kaputeni ameneyu. Ali ndi zaka 36, amasewera pakati pa otchinga kumbuyo, ndipo ndidamupeza ali kale m'timuyi pamene ndinkabwera. Mpira amauwerenga kuposa wina aliyense amene ndidamuphunzitsapo. Amadziwa kumene mpira ukupita mwini wake asanaumenye, mipira ya m'mwamba amaipambana pafupifupi yonse, ndipo ndi iye amene amaimika mzere wakumbuyo, kuuza anzake nthawi yokwera ndi nthawi yobwerera. Pamene timu idatsala pang'ono kutha zaka zitatu zapitazo chifukwa osewera ambiri adachoka, iye ndiye adayendera anyamata mmodzimmodzi kuwalimbikitsa kuti abwerere. Koma miyendo yake siyikumveranso mutu wake monga kale. Akayang'anizana ndi mpira palibe amene angamudutse, koma akangoti watembenuka kuti athamangire ku golo lake, mnyamata wa zaka 20 amamusiya mamita atatu kapena anayi asanatenge liwiro. Iye mwini akuoneka kuti akudziwa zimenezi, ngakhale kuti sitidakhalepo pansi n'kukambirana.

Ndiyenera kunena mwachilungamo kuti zigoli zija sizidali vuto lake yekha. Nditakhala pansi n'kuganiziranso bwino masewero aja, ndidaona kuti chilonda chidayambira pakati pa bwalo. Iwo adali ndi osewera atatu pakati pomwe ife tidali ndi awiri, choncho nthawi zonse mmodzi wawo amakhala wopanda womuyang'anira, ndipo amapeza mpata woimitsa mpira, kudzutsa mutu ndi kusankha woti amuponyere. Mzere wakumbuyo ukakwera kufupi ndi pakati pa bwalo pamene woponya mpira sakupanikizidwa, ngakhale wotchinga waliwiro akhoza kugwidwa. Amene adalamula kuti mzerewo ukwere ndidali ine, ndipo ndidachedwa kuutsitsa. Goloboyi wathu nayenso sakonda kuchoka pa mzere wake kuti asese mipira yodutsa, kotero mpata wonse wapakati pa iye ndi otchinga udali wa adani athu.

Njira yooneka yachidule ndi kusunga 4-4-2 n'kuika m'malo mwa kaputeni mnyamata wa zaka 19 amene wakhala akuchita bwino pa zokonzekera. Liwiro ali nalo, mphamvu ali nazo, koma amathamangira kulanda mpira pamene amayenera kudikira, wapatsidwa kale makadi achikasu awiri m'masewero anayi amene wayamba, ndipo salankhula m'bwalo. Ndikamuyambitsa ndiye kuti ndatseka khomo limodzi n'kutsegula lina, chifukwa mzere wakumbuyo ukhala wopanda mwini, komanso pa makona titaya munthu amene amachotsa mipira yambiri ndi mutu. Kuonjezera apo, vuto la atatu kulimbana ndi awiri pakati likhalabe pomwepo.

Chimene chakhala chikundisowetsa tulo ndi ganizo losinthira ku 3-5-2. Kaputeni angaime pakati pa otchinga atatu, kumanja kwake kukhale mnyamata uja, kumanzere kukhale wotchinga wina amene liwiro lake ndi labwinoko. Kaputeniyo ntchito yake ingakhale yowerenga mpira, kulamula ndi kutola zimene zadutsa anzakewo, monga momwe José Luis Brown ankachitira kumbuyo kwa timu ya Argentina ya Carlos Bilardo imene idatenga chikho cha dziko lonse ku Mexico m'chaka cha 1986. Pakati tingakhale ndi atatu kulingana ndi atatu awo, ndipo omwetsa zigoli anga awiri angatsale limodzi kutsogolo. Papepala zonse zikuoneka kuti zalongosoka, ndipo ndikajambula ndimamva mtima kukhala pansi.

Komabe ndikaganiza mofatsa ndimapeza zinthu ziwiri zondiopsa. Choyamba n'chakuti otchinga atatu amakhala bwino akamalimbana ndi omwetsa zigoli awiri, popeza awiri amagwira munthu aliyense wake ndipo wachitatu amatsala womasuka. Timu iyi imabwera ndi atatu kutsogolo, awiri a iwo atatambalala mpaka ku mzere wa m'mbali. Izi zikutanthauza kuti kaya otchinga anga atatu atambasuke n'kutsala aliyense ndi munthu wake, zomwe zimusiya kaputeni yekhayekha pabwalo lalikulu, kapena osewera anga a m'mapiko abwerere kudzathandiza, timu n'kusanduka 5-3-2, otchinga awo a m'mbali n'kumakwera momasuka opanda wowaletsa. Malo a m'mapiko mu 3-5-2 amafuna munthu wa mapapo aakulu, wotha kukwera ndi kutsika mbali yonse kwa mphindi 90. Kumanja ndili naye wotero, koma kumanzere ndilibe, ndipo amene ndingamuikeko adangochira kumene minofu ya kuseri kwa ntchafu. Iye akuti ali bwino, koma wosewera aliyense amatero masewero akakhala aakulu.

Chachiwiri ndi nthawi. Wothandizira wanga atamva ganizoli adandikumbutsa za Antonio Conte, amene timu yake ya Chelsea itagonja 3-0 kwa Arsenal mu Seputembala 2016 adasinthira ku otchinga atatu, n'kupambana masewero 13 otsatizana a mu ligi mpaka kutenga ligiyo. Chitsanzocho n'choona, koma Conte ankakhala ndi osewera ake tsiku ndi tsiku, akubwereza mayendedwe omwewo mpaka atalowa m'magazi. Ine ndatsala ndi zokonzekera ziwiri zokha, za ola limodzi ndi theka iliyonse, ndipo si onse amene amafika chifukwa ena amaweruka mochedwa kuntchito. Palinso mbali ina ya nkhani ya Conte imene wothandizira wangayo sadaitchule koma ine ndimaikumbukira bwino: amene adaima pakati pa otchinga atatu aja adali David Luiz, ndipo kaputeni wawo John Terry, yemwe adali wa zaka zofanana ndi za kaputeni wanga, adathera mbali yaikulu ya chaka chimenecho ali pa benchi. Conte sadasinthe kaimidwe kuti ateteze munthu mmodzi. Apa ndi pamene mtima wanga umanditsutsa, chifukwa ndikadzifunsa moona ngati ndikadaganizako za 3-5-2 kaputeniyo akadakhala munthu wamba amene ndilibe naye ngongole, yankho lake silindikondweretsa.

Pali maganizo enanso ochokera kwa akuluakulu a komiti ya timu, akuti popeza pointi imodzi ikutikwanira, ndichotse womwetsa zigoli mmodzi, ndiike asanu pakati mu 4-5-1, timu yonse itsike kufupi ndi golo lathu. Kunena zoona, njira imeneyi ndi imene ikumuyenera kaputeni kuposa zonse, pakuti mzere ukatsika palibe mpata wa kuseri woti aliwiro aja athamangiremo, ndipo adani amakakamizika kuponya mipira ya m'mwamba imene iye amaikonda. Greece ya Otto Rehhagel idatenga chikho cha ku Ulaya mu 2004 potchinga mwa mtundu umenewu, n'kugonjetsa France, Czech Republic ndi Portugal 1-0 iliyonse. Leicester City ya Claudio Ranieri idatenga ligi ya ku England mu 2016 ikusewera 4-4-2 yotsika, kumbuyo kuli Wes Morgan ndi Robert Huth, onse opitirira zaka 30 ndiponso osadziwika ndi liwiro. Koma Leicester idali ndi N'Golo Kanté amene ankagwira ntchito ya anthu awiri pakati, komanso Jamie Vardy amene ankasandutsa mpira uliwonse wochotsedwa kumbuyo kukhala mwayi wa chigoli. Anyamata anga sadazolowere kukhala mphindi zambiri opanda mpira. Ndawaonapo kangapo: akatchinga kwa nthawi yaitali amayamba kukwiya, wina amatuluka pamzere yekha kukalanda mpira, ndipo bowo limatseguka. Ndimaopanso kuti ndikawauza kuti tikukafuna kufanana mphamvu, ndiwalowetsa mantha masewero asanayambe, ndipo tikagoletsedwa msanga sitidzakhala ndi njira yobwezera popeza omwetsa zigoli anga awiri amachita bwino akakhala limodzi. Aliyense payekha amasowa m'bwalo.

Ndaganiziranso za kusintha osewera masewero ali mkati. Ligi yathu imatsatira lamulo lolola kusintha osewera asanu, lomwe lidayamba ngati la kanthawi mu 2020 n'kukhazikitsidwa mu 2022, ndipo kusinthako kumachitika maulendo atatu okha kupatula nthawi yopuma. Zikanatheka kuti kaputeni ayambe, atsogolere timu m'mphindi zoyambirira pamene mitima imakhala m'mwamba, kenako atuluke chakumapeto akatopa. Koma m'mphindi zoyambirirazo ndi mmene aliwiro aja amakhala ndi mphamvu zonse. Zikanathekanso kuti ayambe mnyamata, kaputeni alowe m'mphindi 20 zomaliza pamene adani ayamba kuponya mipira ya m'mwamba mosasankha ndipo timu ikufuna mawu a munthu wamkulu. Mwa maganizo onse, ili ndi limene mutu wanga ukulivomereza kwambiri, makamaka nditati ndiuze mmodzi mwa omwetsa zigoli kuti tikataya mpira azibwerera kudzaima pa wosewera wawo wapakati womasuka uja, kuti asamapeze nthawi yodzutsa mutu. Kutero kukanatisiya mu kaimidwe kamene tikukadziwa, kusintha kwake n'kukhala kwa munthu mmodzi kapena awiri okha. Chondibweza n'chakuti kusintha wotchinga wapakati masewero ali mkati kumasokoneza kumvana kwa mzere wonse, komanso kuti mwina awa ndi masewero omaliza a kaputeniyo, pakuti wakhala akunena kuti chaka chamawa mwina sadzapitiriza.

Anyamata ena ayamba kale kunong'onezana. Achinyamata akuona kuti mnzawo wa zaka 19 akuyenera mwayi, pamene akuluakulu a m'timu sangamvetse kuona kaputeni wawo ali pa benchi tsiku lotere, ndipo sindikufuna kulowa m'bwalo ndi timu yogawanika. Akulu adati mutu umodzi susenza denga, koma aliyense amene ndamufunsa pano ali ndi mbali yake, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu amene simukudziwa aliyense wa ife.

Chonde ndithandizeni, Alangizi. Kodi n'chanzeru kuphunzitsa timu kaimidwe katsopano m'zokonzekera ziwiri zokha masewero akulu chonchi ali pafupi, kapena ndi bwino kukhala pa zimene anyamata akuzidziwa ngakhale kuti zidatigwetsapo kale pamaso pa timu yomweyi? Mphunzitsi angadziwe bwanji kuti akusunga wosewera chifukwa cha zimene amapereka m'bwalo osati chifukwa cha chikondi ndi ulemu umene ali nawo pa iye? Ndipo ngati yankho ndi lakuti kaputeni ayambire pa benchi, ndimuuze liti ndiponso motani? Ndaganiza zomuitana patokha zokonzekera za Lachiwiri zisanayambe, ndimuonetse zimene ndikuona ndi kumufunsa maganizo ake, koma ndikuopa kuti ndikamufunsa adzanena kuti ali wokonzeka kusewera, ndipo pamenepo kudzakhala kovuta kwambiri kumukaniza kusiyana ndi kungomuuza chigamulo. Mayina a osewera ndikuyenera kuwauza anyamata Lachinayi madzulo, choncho ndidzathokoza kwambiri yankho lanu likandipeza tsikulo lisanafike.

Ine wanu,

Mphunzitsi wodera nkhawa