Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya mfuti

Wokondedwa mwana wanga,

Mchemwali wako wandiuza kuti chithyolere akuba nyumba ya anansi ako, wakhala ukufunsafunsa za mfuti, ndipo akuti wayamba kale kuyerekezera mitundu yake kuti ugule imodzi yosunga m'nyumba. Usamukwiyire, ndine amene ndinamuumiriza kuti anene nditamva m'mawu ake kuti pali chimene akubisa. Ndikadakonda kumva nkhaniyi kuchokera pakamwa pako, koma chifukwa chimene wandibisira ndikuchidziwa, ndipo iwenso ukuchidziwa.

Mantha ako sindikuwanyoza. Munthu amene ali ndi mkazi ndi ana, akamva kuti achifwamba analowa pakhomo loyandikana ndi lake, sangagone tulo tabwino, ndipo ndikadakudabwa ukadakhala wosatekeseka. Mtima wofuna kuteteza anzako unali nawo kuyambira uli wamng'ono, pamene unkaperekeza mchemwali wako kukatseka chitseko chakuseri usiku ngakhale iwe mwini ukunjenjemera. Sindikukuletsanso kugula mfuti, pakuti ndiwe munthu wamkulu ndipo nyumbayo ndi yako. Chimene chikundisowetsa tulo ndi mowa. Akuba amabwera mwa apo ndi apo, mwinanso osabwera n'komwe, koma mowa umalowa m'nyumba mwako Loweruka lililonse, ndipo amaulowetsa ndi mwini nyumba.

Udzanena kuti masiku ano umamwa pang'ono. Unanenanso chimodzimodzi usanafike usiku uja unamenya chitseko ndi chibakera mpaka chala kuthyoka, m'mawa mwake n'kufunsa amayi ako chimene chachitikira dzanja lako. Amayi ako analira tsiku lonse, ndipo sankalirira chalacho. Ankalira chifukwa anaona kuti pali maola ena amene mwana wawo amachita zinthu zimene sazikumbukira. Tsopano ganizira usiku ngati umene uja, mtima utawawa chimodzimodzi, koma m'kabati muli mfuti yodzaza zipolopolo. Chala chinapola, chitseko tinakonza. Chipolopolo chikatuluka palibe mmisiri kapena dokotala amene angachibweze.

Usaganize kuti ndi mantha a nkhalamba chabe. M'chaka cha 1993 dokotala wina wa ku America, Arthur Kellermann, ndi anzake anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine zotsatira za kafukufuku wa anthu ophedwa m'nyumba zawo. Anapeza kuti m'nyumba zokhala ndi mfuti, ngozi yoti wina wa m'nyumbamo aphedwe inali yochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi nyumba zopanda mfuti, ndipo ngozi yowonjezerekayo inkachokera makamaka kwa achibale ndi okondana nawo, osati kwa alendo othyola chitseko. Alipo amene anatsutsa kawerengedwe kake, ndipo mkanganowo sunathe, koma ine chimene ndinatolapo ndi chakuti dzanja limene limafika msanga pa mfuti ya m'nyumba ndi la munthu wa m'nyumba momwemo. M'dziko lomwelo, m'chaka cha 2021, anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti, ndipo oposa theka la iwowa anadziwombera okha. Mwa anthu 10 amene ayesa kudzipha ndi mfuti, pafupifupi 9 amafa, pamene ambiri oyesa njira zina amapulumuka n'kukhala ndi moyo zaka zambiri. Ndikulemba izi chifukwa ndinakuona mmene unalili ntchito ija itatha, masiku amene unkangokhala m'chipinda osayankhula ndi munthu, botolo lili pambali.

Ngati wamva zonsezi n'kutsimikizabe mtima, ndiye tiyankhule za mfutiyo monga amuna awiri. Choyamba, mnzako uja amene amati amadziwa munthu wa chilichonse asakhudze nkhaniyi ngakhale pang'ono. Mfuti yogulidwa mumdima sudziwa kumene yachokera, ndipo ikhoza kukhala kuti inaphapo munthu, mlandu wake n'kugwera iwe tsiku limene apolisi adzaipeza m'manja mwako. Upite kwa wogulitsa wovomerezeka, utenge chiphaso monga lamulo likunenera, ndipo ngati kudikira chiphasocho kukutopetsa, kudikirako kudzakupatsa nthawi yoti mtima utsike. Uwerengenso bwino lamulo la kudziteteza. M'mayiko ambiri munthu amaloledwa kugwiritsa ntchito mphamvu yakupha pokhapokha moyo wake kapena wa mnzake uli pangozi yeniyeni, ndipo kuwombera wakuba amene akuthawa ndi wailesi yakanema kumatha kumutengera mwini nyumba kundende.

Anthu ambiri akamanena za mfuti ya m'nyumba amatchula shotgun, mfuti imene imatulutsa timipira tambiri pa kuwomba kumodzi, monga Remington 870 imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1950, kapena Mossberg 500. Ubwino wake ndi woti ndi yaitali, imagwiridwa ndi manja awiri itatsamira paphewa, choncho kulunjika nayo n'kosavuta kusiyana ndi mfuti yaifupi, ndiponso mwana wamng'ono sangaibise m'malaya kapena kuitembenuzira kumaso kwake mosavuta. Koma usakhulupirire bodza loti shotgun safuna kulunjika chifukwa timipira take timamwazika chipinda chonse. Pa mtunda wa m'kati mwa nyumba, mamita anayi kapena asanu, timipirato timakhala tidakali pamodzi, malo ake osaposa kwenikweni kukula kwa chibakera, ndipo munthu wamantha mumdima akhoza kuphonya. Ya 12 gauge, ndiye kuti ya mpope waukulu, imakankha phewa mwamphamvu, moti wosazolowera amayamba kuiopa asanaiphunzire. Ya 20 gauge, ya mpope wocheperapo, ndi yofatsirapo, ndipo ikadakhala kuti ndine ndikusankha, ndikadayamba kuyesa imeneyo. Dziwanso kuti timipira tamtovu tikuluakulu timaboola zitseko zamatabwa ndi makoma opyapyala a m'kati mwa nyumba. Usanasankhe chilichonse uime pakhomo la chipinda chako, uyang'ane mbali imene ungalozeko mfuti, udzifunse kuti kuseri kwa khomalo kumagona ndani.

Mfuti yaifupi ndiyo ndikudziwa kuti mtima wako uli pomwepo, chifukwa ndi imene anzako amaonetsana m'mafoni. Ili ndi ubwino wake: imalowa m'bokosi laling'ono lokhoma, ndipo dzanja lina limatsala lomasuka kuti ugwire tochi, foni kapena mwana. Koma ndi yovuta kulunjika kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo imafuna kuphunzira kosalekeza. Revolver, mfuti yaifupi imene zipolopolo zake zimakhala m'kachitsulo kozungulira, kawirikawiri imanyamula zipolopolo 5 kapena 6, kagwiritsidwe kake n'kosavuta, ndipo ukaitsegula umaona ndi maso ngati muli chipolopolo kapena ayi. Pisitoli monga Glock 17 imanyamula zipolopolo 17 za mamilimita 9, koma ili ndi msampha umene wapha anthu ambiri: ukachotsa magazini, kabokosi kamene kamasunga zipolopolo, chipolopolo chimodzi chimatha kutsala m'kati, kumbuyo kwa mpope, chokonzeka kuphulika. Munthu amaona magazini ili m'dzanja lake n'kuganiza kuti mfutiyo ilibe kanthu, kenaka n'kukoka chowombera akuseka. Cholakwa chimenechi amachita ngakhale anthu osaledzera, nanga kuli bwanji munthu amene wamwa mabotolo atatu ndipo akufuna kuonetsa alendo chimene wagula? Ndipo chenicheni chimene ndimaidera mfuti yaifupi ndi chakuti imalowa m'thumba. Udzanena kuti ndi ya m'nyumba, koma tsiku lina udzaitenga popita kumowa chifukwa ukabwerako usiku, ndipo kumowa ndi kumene anthu amakangana pa zinthu zopanda pake.

Zipolopolo zambiri zisakukope. Mfuti yoyenera ndi imene iwe ndi mkazi wako, apongozi anga, mungaigwire, kuidzaza, kuitsitsa zipolopolo ndi kulunjika nayo mosavutika, mutaphunzitsidwa ndi mphunzitsi weniweni pamalo ophunzirira kuwombera, osati ndi mnzako kuthengo. Koma kodi apongozi angawo wawafunsa? Ndikunena kuwafunsa ndithu, osati kuwauza zimene watsimikiza kale. Iwo ndi amene amakulandira ukabwera mochedwa, ndipo ngati anena kuti sakuifuna m'nyumba, mawu awo akhale omaliza. Ngati avomera, kiyi kapena nambala yotsegulira bokosi ikhale m'manja mwawo tsiku lililonse limene walawa mowa, ngakhale kapu imodzi, ndipo usadzawafunse kiyiyo usiku umenewo.

Bokosi lachitsulo lokhoma uligule mfuti isanabwere, ulimangirire kukhoma kapena pansi kuti wakuba asalinyamule, ndipo zipolopolo uzikhomere pena. Usandiuze kuti udzaibisa pamwamba pa kabati pamene ana safika. Iwe uli ndi zaka zisanu unkakwera pampando, kuchoka pampando kufika pashelefu, n'kupeza chilichonse chimene amayi ako anabisa, ndipo mdzukulu wanga wamkulu watengera iwe ndendende. Ana ena a zaka zitatu kapena zinayi ali ndi mphamvu zokwanira kukoka chowombera cha mfuti yaifupi, ndipo kuwalangiza kuti asakhudze sikokwanira, chifukwa chidwi cha mwana chimaposa malangizo. Ndikudziwa kuti udzati mfuti yokhomedwa imachedwetsa akuba akalowa. N'zoona, imachedwetsa masekondi angapo, koma ana ako amakhala m'nyumbamo maola onse a chaka, pamene wakubayo mwina sadzabwera.

Msilikali wina wa ku America, Jeff Cooper, amene anatsegula sukulu ya zowombera ku Arizona mu 1976, anatchukitsa malamulo anayi amene aphunzitsi ambiri amawatsatira: mfuti iliyonse uziitenga kuti ili ndi chipolopolo, usailoze pa chinthu chimene sukufuna kuchiwononga, chala chisakhudze chowombera mpaka utalunjika, ndipo udziwe chimene ukuwombera pamodzi ndi chimene chili kuseri kwake. Lomalizali ndi limene ndikufuna likukhale mumtima. Ukukumbukira nkhani ya Oscar Pistorius, wothamanga wa ku South Africa, amene pa 14 February 2013 anawombera kanayi chitseko chotseka cha chimbudzi m'nyumba mwake ku Pretoria n'kupha chibwenzi chake, Reeva Steenkamp. Iye anauza khoti kuti ankaganiza kuti ndi wakuba, koma mu 2015 khoti la apilo linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha. Kaya ukhulupirira mawu ake kaya ayi, anawombera chinthu chimene sanachione. Phokoso la usiku kawirikawiri limakhala la mwana wopita kukamwa madzi, kapena mlendo amene waiwala kuti wagona kwanu. Uyambe wawerenga anthu ako, uyatse tochi, ufuule kuti ndani, ndipo ngati banja lonse lili m'chipinda chimodzi, ukhome chitseko, uimbire apolisi, usapite kukasaka munthu mumdima chifukwa cha katundu. Dziwanso kuti kulira kwa mfuti kumapitirira madesibelo 140 pa muyeso wa kukula kwa phokoso, ndipo m'chipinda chotseka kuwomba kamodzi kokha kukhoza kuwononga makutu ako ndi a ana mpaka kalekale.

Akuti ukunenanso zokonzekera masiku a mavuto, magetsi atazima nthawi yaitali, madzi osefukira kapena chipwirikiti m'misewu. Pamenepo ndakuyamikira, koma ukuyambira kumapeto. Chitseko chako chakuseri chija loko wake ndi wofooka, ndinakuuza kale, ndipo sunakonze. Konza chimenecho, limbitsa mawindo, ika magetsi oyaka okha munthu akadutsa panja, dziwanani ndi anansi kuti wina akakuwa ena adzuke. Sunga madzi akumwa okwana pafupifupi malita 4 pa munthu aliyense patsiku kwa masiku osachepera atatu, chakudya chosawonongeka msanga, mankhwala amene banja limamwa, tochi ndi mabatire, wailesi yaing'ono, ndi mapepala ofunika m'chikwama chosalowa madzi. Chozimitsira moto ndi alamu ya utsi uli nazo? Upitenso kumaphunziro a chithandizo choyamba, uphunzire kuletsa magazi, chifukwa munthu amene mtsempha waukulu waduka akhoza kufa m'mphindi zochepa ambulansi isanafike, ndipo amene akusunga mfuti m'nyumba osadziwa kumanga bala sanamalize kukonzeka.

Mwana wanga, ndabwereza za mowa mpaka mwina wayamba kunyansidwa nane, koma ndibwerezanso. Ndikupempha chinthu chimodzi: ukhale miyezi isanu ndi umodzi osalawa mowa usanapereke ndalama kwa wogulitsa mfuti. Ukakwanitsa, ndidzapita nawe ndekha kumalo ophunzirira, ndipo bokosi lachitsulolo ndidzagula ndine. Ukalephera, konza chitseko, gula galu, mfutiyo uisiye, ndipo sindidzakuchepetsa chifukwa cha zimenezo. Amayi ako sindinawauze nkhaniyi chifukwa ukudziwa mmene mtima wawo ulili, choncho ubwere udzawauze wekha. Ubwere ndi apongozi anga, ndipo undilole ndiyankhule nawo paokha iwe uli panja. Upereke moni kwa adzukulu anga, ndipo undiyankhe sabata ino isanathe.

Ndine bambo ako.