Kalata kwa Dalitso pa nkhani ya mavayolini a m'kompyuta

Zomba

Wokondedwa Dalitso,

Uthenga wako ndinaulandira Lachiwiri, koma ndinaona kuti yankho lake silingakwane pa WhatsApp, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembere bwinobwino. Kuno tonse tili bwino. Mayi ako ndinawaona kutchalitchi, ali ndi mphamvu ndithu ndipo akupereka moni. Nanga alamu ndi ana ali bwanji ku Johannesburg?

Wati kwaya yanu ikufuna kujambula nyimbo ya Khirisimasi yokhala ndi mavayolini ndi malipenga kumbuyo, ndipo wasunga kandalama koti ugulire mawu a zida za okestra. Mnzanga, ndalamayo igwire kaye. Pa zaka zitatu zomwe ndakhala ndikupeka nyimbo pa laputopu yanga yakale ija, sindinagulepo laibulale (mtolo wa mawu ojambulidwa a zida zoimbira) ngakhale imodzi, ndipo nyimbo ya ukwati imene unaiyamikira ija inachokera mu zaulere zokhazokha.

Yambira pa BBC Symphony Orchestra Discover ya kampani ya Spitfire Audio. Inatuluka mu 2020, ndipo mawu ake ndi a oimba enieni a okestra ya BBC, ojambulidwa mu situdiyo ya Maida Vale ku London. Muli zonse: zida za nsambo, zitoliro, malipenga, zeze wamkulu uja amati harp, ngakhale ng'oma za timpani. Chimene chinandikopa ine n'kuchepa kwake, sifika ngakhale theka la gigabaiti, moti ndinaitsitsa ndi bandulo ya usiku umodzi. Mkulu wake wochita kugula uja amaposa magigabaiti 500, ndiye taganiza. Pa sikirini imakuonetsa m'mene oimba amakhalira pabwalo, mavayolini kumanzere, machelo (mavayolini akuluakulu a mawu otsika) ndi mabesi kumanja, malipenga kumbuyo, ndipo chithunzi chimenecho chinandiphunzitsa zambiri ndisanawerenge buku lililonse. Pomwe imaperewera ndi apa: ilibe legato yeniyeni, kuja kotsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa inzake ngati m'mene amachitira munthu wa vayolini osadukiza uta. Ukaipatsa nyimbo yapang'onopang'ono yoti chida chimodzi chiimbe chokha, imamveka youma.

Poti iwe umalemba manotsi, osati kungoimba ndi khutu ngati ine, pulogalamu yolembera manotsi ya MuseScore ikhoza kukuyenera kuposa zonse. Kuyambira pa MuseScore 4, yomwe inatuluka mu Disembala 2022, pali mawu aulere otchedwa Muse Sounds. Ukalemba crescendo pansi pa mzere, mavayolini amakweradi, ukalemba pizzicato amatswanya nsambo ndi chala. Amalemera ndithu, magigabaiti angapo, koma kwanuko intaneti si vuto ngati kuno. Ntchito yako ingokhala yosamutsa nyimbo kuchoka mu solofa ija mumaphunzitsira kwaya n'kuiika pa mizere isanu.

Palinso zina za anthu wamba amene anangoganiza zogawira anzawo. VSCO 2 Community Edition ya Versilian Studios anaimasula kotheratu, ukhoza kugulitsa nyimbo yako popanda wokufunsa. Virtual Playing Orchestra ya Paul Battersby inasonkhanitsa mawu ochokera m'malo osiyanasiyana, kuphatikizapo aja a yunivesite ya Iowa amene akhala akujambulidwa kuyambira mu 1997 m'chipinda chosabweza mawu. Ziwirizi zimatsegulidwa ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa Sforzando. Sizosalala ngati za BBC, zina zimachita kumveka mpweya wa woimba ndi kukwecha kwa uta, koma pa oboe ndi clarinet woimba yekha ine ndimathamangira kumeneko. Ukasakaniza mawu a malo osiyana chonchi, uwapatse onse reverb imodzi, kuja kubweza mawu kwa chipinda, kuti amveke ngati ali m'nyumba imodzi, apo ayi vayolini amakhala ngati ali m'tchalitchi pamene chitoliro chili kuchipinda chogona.

Tsopano mvetsera, chifukwa apa ndi pomwe ndinachedwera chaka chathunthu. Poyamba ndinkatsegula mawu a nsambo n'kumagwira makodi ndi manja awiri ngati ndili pa kiyibodi ya kutchalitchi. Zotuluka zake zinkamveka ngati limba la magetsi, ndiye ndinkaganiza kuti vuto ndi laibulale yaulere. Ayi ndithu. Okestra si munthu mmodzi wa zala khumi, ndi gulu la anthu, aliyense ndi mzere wake. Iwe ndiwe mphunzitsi wa kwaya, izi uzimva msanga kuposa ine. Mzere wa soprano upatse mavayolini oyamba, wa alito mavayolini achiwiri, wa tena upite ku viola, wa besi ku machelo, ndipo mabesi akuluakulu aziwatsatira pansi pomwe pakufunika kulemera basi. Uliwonse uuimbe paokha, pa njira yakeyake, ngakhale zitenge madzulo onse. Ukatero udzamva zinthu zikuyenda mkati mwa nyimbo, mawu akukumana n'kusiyana ngati m'mene amachitira amayi ndi abambo pa nyimbo za m'buku.

Kenaka pali kagudumu kaja kali kumanzere kwa kiyibodi, kamene ambiri sitikakhudza. M'malaibulale ambiri a okestra, kagudumu kameneka, komwe pa kompyuta kamatchedwa CC1, ndi kamene kamalamulira mphamvu ya manotsi aatali. Munthu wa vayolini sagwira noti pa mlingo umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Imayamba mofatsa, imakula, imafota. Dzanja lamanja liziimba, lamanzere lizikweza ndi kutsitsa kagudumuko ngati m'mene umakwezera dzanja pamaso pa kwaya. Ngati kiyibodi yako ilibe, ukhoza kujambula mzerewo ndi mausi, ngakhale zimatopetsa. Ndipo uzikumbukira kuti wa chitoliro ndi wa lipenga amapuma. Ine ndimaimba mzere wawo ndi pakamwa, pomwe mpweya wandithera ndimadula noti n'kusiya kampata. Vayolini nayenso satsika kupyola G wa pansi pa C wapakati, ukafuna zotsika kuposa apo ndi ntchito ya viola kapena chelo.

Machenjezo awiri. Ukapeza laibulale yolembedwa kuti ndi yaulere koma ya Kontakt, pulogalamu yotsegulira malaibulale, werenga bwino. Pali Kontakt Player yaulere ndi Kontakt yathunthu yogula, ndipo malaibulale ambiri aulere amafuna yathunthuyo. Mu Player amangolira mphindi 15 n'kukhala chete. The Free Orchestra ya ProjectSAM ndiyo imagwira mu Player popanda vuto, ndipo ndi yabwino pa mawu okhuthala a m'mafilimu. Chachiwiri, usalole munthu akuikire za crack, mapulogalamu akuba aja. Mnyamata wina kuno anandikopera pa fulashi zomwe ankati ndi okestra yonse ya ku Hollywood, zotsatira zake vairasi inandiwonongera ntchito ya miyezi iwiri, kuphatikizapo nyimbo ya maliro imene ndinalonjeza banja lina. Mpaka lero zimandiwawa.

Ngati ndalamayo ikukuyabwa m'thumba, yambira pa makina. Ika SSD, disiki yothamanga yosungira zinthu, mu laputopu ndipo RAM, memore ya kompyuta, ifike magigabaiti 16 ngati ikulola, chifukwa pa 8 okestra ikadzaza imayamba kuchita chibwibwi. Pulogalamu yopekera nyimbo, FL Studio imene uli nayo ikukwana. Ine ndimagwiritsa ntchito Reaper, yomwe amakulola kuyesa masiku 60 ndipo laisensi ya munthu wamba ndi madola 60. Laibulale yogula udzaiganizire pamene wadziwa chenicheni chimene chikukusowa, mwina legato ya chelo kapena malipenga amphamvu, ndipo udikire kumapeto kwa Novembala pamene makampani ambiri amatsitsa mitengo pa Black Friday. Zolipira mwezi ndi mwezi ngati ComposerCloud ya EastWest zili ndi mawu okoma, koma tsiku limene wasiya kulipira, nyimbo zako zakale ukazitsegula zimakhala zii. Kwa ine kuno n'zosatheka n'komwe. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha madola chimandiluma kawiri.

Ndikuuze chimene chandisangalatsa mwezi uno. Ndinapita kumudzi kwa amalume, ndipo kuli agogo ena amene amaimbabe kaligo. Ndinawapempha, anavomera, ndinawajambula noti imodziimodzi m'nyumba ya udzu masana ana atapita kusukulu, nkhuku titazithamangitsira kutali. Mawuwo ndawaika mu Decent Sampler, kapulogalamu kaulere ka David Hilowitz, ndipo tsopano kaligo akulira pa kiyibodi yanga. Nditamuika pamwamba pa machelo a BBC thupi linachita tsemwe. Sindinamuwongole kuti afanane ndendende ndi manotsi a piyano, ndinangosintha pang'ono machelo kuti amutsatire, poti kukoma kwake kuli pomwepo. Ndabwerera Loweruka kukawamvetsa agogowo pa foni, anamvetsera kawiri osayankhula, kenaka anati ndibwerenso adzandiimbire bangwe.

Nditumizire solofa ya nyimbo yanuyo, ndiyese kukuikira vesi loyamba kuti umve zimene ndikunenazi ndi makutu ako. Ndipo ngati pali wina wobwera pa basi mwezi wa Disembala, undifunireko SSD yogwiritsidwapo kale ntchito, ngakhale ya magigabaiti 500, ndalama yake ndidzapereka kwa mayi. Upereke moni kwa alamu, uwauze kuti ufa wa mgaiwa umene anaitanitsa uja ndaupeza.

Ndine mnzako,
Limbani