Usanakwere ndege yobwera kumudzi

Mnzanga wokondedwa,

Tonse kuno takondwa kumva kuti ukubwera mu Disembala. Koma tsiku lomwe wasankha landidetsa nkhawa: ukutera Lachinayi, pomwe ukwati wa mlongo wako uli Loweruka. Ngati tikiti ingasinthidwe, chonde fika kutatsala sabata yathunthu.

Nyengo imeneyo Lilongwe amakhala patsogolo pa Washington ndi maola 7. Ife tikamadya nsima 12 koloko masana, thupi lako lidzakhala likuti ndi 5 koloko m'bandakucha. Limazolowera pang'onopang'ono, pafupifupi ola limodzi patsiku, ndipo ulendo wolowera kum'mawa ndiwo umavuta kwambiri chifukwa umafunika kugona tulo tisanabwere.

Yambira komweko. Kutatsala masiku atatu, uzigona ndi kudzuka msanga, kuchotserako ola limodzi tsiku lililonse. M'ndege yodzera ku Addis Ababa sintha wotchi ikhale pa nthawi ya kuno, umwe madzi ambiri, mowa ndi khofi uzisiye.

Chachikulu ndi dzuwa, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Kuwala kolowa m'maso ndiko kumawongola wotchi ya m'thupi, koma kukalowa pa nthawi yolakwika kumaibwezera m'mbuyo. Masiku awiri oyamba, 7 koloko m'mawa kuno thupi lako lidzaiona ngati pakati pa usiku. Ukakhala padzuwa nthawi imeneyo, lidzaganiza kuti tsiku ladzulo silinathe, n'kuchedwetsanso tulo. Choncho khala m'nyumba kapena vala magalasi akuda mpaka cha m'ma 11 koloko, kenako tuluka uyendeyende panja mpaka madzulo. Tsiku lililonse uzitulukako msanga pang'ono. Ndikudziwa kuti achibale adzayamba kugogoda tambala atangolira. Ndiwauza ndine kuti akudikire.

Tulo ta masana tikakugwira, gona mphindi 20 kapena 30 basi, wina akudzutse. Usiku zimitsa foni, ngakhale anzako a ku Washington akhale akulemba.

Za melatonin, mankhwala othandiza kugona, funsa dokotala wako usananyamuke. Umufunsenso za mankhwala omwe umamwa tsiku ndi tsiku, akuuze momwe ungasunthire nthawi yake.

Galimoto ya hayala ija iwala kaye. Sindikufuna uyendetse pa M1 uli ndi tulo, mvula ikugwa. Ndidzabwera ndekha kudzakutenga pa bwalo la ndege la Kamuzu. Unditumizire nambala ya ndege ukangotsimikiza tsiku.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Lilongwe