Zikomo chifukwa cha mayi amene sanadule foni

Kwa Mkulu wa Ofesi ya Ambulansi,

Bwana,

Ndikulemba kalatayi mtima uli m'malo. Mnyamata wanga ali pambali pangapa, akudandaula kuti bala lomwe anamusoka likuyabwa, koma zala zake zonse zikugwira ntchito.

Kunena zoona, poimba nambala yanu sabata yatha sindinkayembekezera kanthu. Chaka chatha mayi anga atakomoka ndinaimbira ofesi ina, foni inangolira mpaka kuduka yokha. Nditaimbanso anandipatsa nambala ina, ndipo kumeneko anandibwezera koyamba kuja. Ulendo wina mlamu wanga atapsa ndi madzi otentha, woyankha foni analimbikira kuti ndiyambe ndamuuza kalembedwe ka dzina langa, munthu akubuula pansi. Sinditchula maina, eni ake akudzidziwa.

Ndiye tsikulo mwana wanga wa zaka 16 anaterereka n'kugwera pa galasi la chitseko, ndipo linamucheka pakati pa chigongono ndi dzanja. Magazi ake anali ofiira kwambiri, akutuluka modumpha motsatira kugunda kwa mtima. Ine nzeru zitandithera, ndinali nditasolola kale chingwe cha nsapato kuti ndimumange mkono.

Mayi amene anayankha foni sanandifunse za mapepala. Anandiuza kuti nditaye chingwecho, ndipinde nsalu yoyera, ndiyike pabalapo n'kukanikiza ndi mphamvu zanga zonse. Anafunsa ngati galasi latsalira m'mnofu, n'kunena kuti likakhalamo ndisalizule, ndingokanikiza m'mbali mwake. Mwamwayi munalibe. Tinamugoneka pansi mnyamatayo, mkono tinaukweza kupitirira chifuwa, wotchi tinamuvula mkono usanayambe kutupa.

Chovuta chinali kusasuzumira. Dzanja langa linkafuna kutukula nsalu kuti ndione ngati magazi asiya, koma iwo anati ndikatero ndisokoneza magazi amene ayamba kuundana, ndipirire mphindi 10 osasiya. Nsalu itanyowa anati ndisanjike ina pamwamba, yoyambayo ndisaichotse. Za chingwe chija anandifotokozera modekha, osandinyoza, kuti chinthu chopyapyala chimangocheka mnofu. Kumanga mkono kumabwera pomaliza, kukanikiza kukalephera ndipo moyo uli pangozi, ndipo pamafunika lamba wotambalala, womangidwa kumtunda kwa bala, nthawi yake n'kuilemba.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi. Mayiwa anafunsa dzina la mwanayo, n'kundipempha kuti ndikweze mawu a foni. Anayamba kucheza naye ngati azakhali ake, kumufunsa za mayeso, za timu ya mpira imene amaikonda, mpaka anamuseketsa magazi ali mbwee pansi. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti ankamvetsera ngati akuyankhabe bwinobwino. Milomo yake itayamba kuyera, thukuta lozizira lili kamukamu, anati ndimufunditse bulangete ndipo ndisamupatse madzi ngakhale apemphe, poti mwina akafunika opaleshoni. Mphindi ankandiwerengera ndi iwo. Manja anga atayamba kunjenjemera anandiuza kuti ndikuchita bwino, nditsamire ndi thupi lonse m'malo modalira zala. Foni sanadule mpaka anamva mawu a anzawo a ambulansi pakhomo.

Za kuchipatala sindikumbuka zambiri. Anamusoka, anamubaya katemera wa kafumbata, tinasaina penapake.

M'mawa mwake foni inalira. Anali mayi omwe aja, kufunsa ngati zala za mwanayo zikumva kukhudza, kenako n'kufunsa ngati ineyo ndinagonako tulo. Ndinalira ngati mwana, Bwana.

Dzina lawo sindinafunse, koma mabuku anu akusonyezani amene anali pantchito usiku umenewo. Chonde muwaonetse kalatayi. Ndipo mukadzakumana pamsonkhano ndi akuluakulu a maofesi ena aja, muwabwereke mayiwa tsiku limodzi lokha, koma muwauze kuti awabweze.

Ine woyamika,
Mayi wa mnyamata uja